Soya M'chitini cha a Venansio

Petronela anadikira kuti amuna ake akhote pakona ya chigayo, kenako anatseka chitseko cha kumaso n'kutulutsa mbaula kuseri kwa nyumba. Soya anali atamubisa pansi pa thumba la makala kuyambira Loweruka. Anamukhuthulira m'chiwaya, nayamba kutakasa ndi mthiko mpaka njere zinasanduka zofiirira, kenako zakuda bii, utsi n'kumamuyabwa m'maso. Posinja anakulunga munsi ndi chitenje chakutha kuti usamveke kwa aneba. Ku Chirimba kuno mkazi akapezeka akusinja zinthu zakuda atatseka chitseko, dzuwa silifika paliwombo nkhani isanamveke kumpopi kuti mayi uje akukonzera amuna ake kondaine.

Koma sanali kondaine ayi. Anali khofi wabodza.

A Venansio, amuna akewo, anaphunzira khofi pa msewu wa ku Beira, komwe anayendetsa thiraki zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Osati khofi wosungunula m'kapu uyu ayi, ameneyo ankati ndi wa ana asukulu. Iwo ankafuna wogaya, wowiritsa m'kaketulo mpaka achite thovu, n'kumusefa ndi kansalu. Atasiya thiraki anatsegula shedi yowotcherera zitseko ndi mafelemu a mawindo pafupi ndi msika, ndipo kaketulo kanawatsatira komweko. Makapu asanu patsiku, masupuni awiri odzaza pa kapu iliyonse, shuga wosawerenga. Chitini chikatha ankabwera nacho kunyumba n'kuchiika patebulo osanena kanthu. Petronela ankaidziwa ntchito yake: kukagula paketi pa okala ya mayi Evelina, kukhuthulira m'chitinimo, n'kukachisiya kushedi pamodzi ndi chakudya cha masana.

Zaka ziwiri zapitazi thupi linali litayamba kudandaula. Manja ankanjenjemera moti mzere wowotcherera unkatuluka wokhotakhota. Tulo tinali tosowa, chilungulira tsiku ndi tsiku. Lamulungu lina pokwera kachitunda ka kutchalitchi anaima mwadzidzidzi n'kugwira pachifuwa, ati mtima wadumpha sitepe, ndipo Petronela anaima nawo pamenepo mpaka belu lachiwiri linalira. Mwezi wathawu kuchipatala namwino anawapima BP kawiri, poganiza kuti makina alakwitsa. Adokotala atamva za makapu asanuwo anavula magalasi.

"Bambo, khofi ameneyu mumuchepetse. Mtima wanu mukuuthamangitsa osaupatsa mpata wopuma."

"Adokotala," anayankha a Venansio akumanga mabatani a shati, "anzanga angati anagona pachiwongolero kupitirira Tete uko osadzukanso? Ine anandisunga ndi khofi yemweyu. Lero akhale mdani?"

Anaseka okha. Petronela sanaseke. Anali atayesa kupempha, atayesa kulira, atayesanso kukwiya masiku awiri osayankhula, koma mwamuna wa ku Nsanje uyu akati ayi ndiye kuti nkhani yatha. Ndiye tsiku lina ku limana, mapemphero atatha, mayi wina anafotokoza kuti soya wokazinga bwino amamweka ngati khofi. Maganizo a Petronela anayamba kuyenda. Kuchepetsa? Munthu uyu kuchepetsa sakudziwa. Bola kungowachotseratu iwo osadziwa.

Masana a tsiku lokazinga soya lija ananyamula kontena ya chakudya ndi chitini chija, natsikira kushedi. Anapeza amuna ake atakhala pa buloko, maso ali kunjira. Chakudya sanachiyang'ane n'komwe. Analanda chitini, kaketulo pambaula, masupuni awiri phwa phwa. Petronela ankakonzakonza mbale zimene zinali zokonzeka kale, mtima uli m'mwamba.

A Venansio anamwa kamodzi, nakwinya nkhope. "Mayi a Linda, ameneyu bwanji? Akumveka ngati mtedza wopserera."

Apa m'pamene pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. "Mayi Evelina akuti ndi mtundu watsopano. Wakale uja sakubweranso."

"Aa, makampani a masiku ano," anatero a Venansio, n'kuwonjezera shuga. Anamaliza kapu yonse, nathiranso ina.

Petronela anabwerera kunyumba miyendo ili yopepuka. Dzina la Evelina anali atangolitola panjira ngati mwala wotsekera chitseko, osaganiza kuti lili ndi mwini wake. Anatsuka chiwaya kawiri, nachibisa pansi pa mapoto ena.

Tsiku lachiwiri zinthu zinayamba. A Venansio anabwera kunyumba dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene anali asanachitepo chitsegulireni shedi. Anali atamanga mutu ndi kansalu, maso ali psuu, ati m'mutu muli munthu akumenya hamala. Anasanza kuseri kwa bafa. Anadziponya pampando wautali nsapato osavula, akuyasamula motsatizana koma tulo osabwera. Wailesi inkawasokosa, kuwala kwa pawindo kunkawapweteka, ngakhale kulira kwa supuni m'mbale ankakumva ngati akuwaboola khutu.

"Mukugogoda chiyani kodi inu? Mukufuna mundiphe?"

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, anali asanamukalipirepo choncho. Petronela anawaika nsalu yonyowa pamphumi. Iye sankadziwa kuti khofi akamachoka m'thupi amachoka ndi nkhondo. Ku limana palibe amene ananena zimenezo.

M'mawa mwake a Venansio anadzikoka kupita kushedi, nawiritsa kapu, namwa, koma mutu osasintha. Anawiritsa ina. Anadula chitsulo cha kasitomala mofupikitsa, nadziwotcha chala, natseka shedi masana. Tsiku lachinayi sanapite n'komwe. Anaitanira Petronela kuchipinda, atatulutsa envulopu ya khaki pansi pa matiresi.

"Khalani pansi, mayi a Linda. Awa ndi mapepala a puloti. Makina owotcherera aja musadzagulitse mothamanga, Howard wa shedi yoyandikana ndi yanga uja akudziwa anthu ake. Mwana wathu Linda musamuuze msanga, ali ndi pakati patali, angadzidzimuke."

"Mukuyankhula chiyani, abambo?"

"Bambo anga anayamba chonchi. Mutu, mutu, mlungu umodzi basi, sitiroko. Ine ndikuzimva m'thupi muno." Apa Petronela anaona chimene anali asanachionepo chikwatiwireni, mwamuna wake akuopa. "Mawa mukawauze abambo mfumu abwere ndi mafuta."

Abale, apa ndiye panali ponenera. Mawu anali atafika kale pamilomo: si imfa iyi, ndi soya. Koma m'maganizo mwake anaona chitini chikuuluka, paketi yeniyeni ikugulidwa madzulo omwewo, makapu asanu akubwerera, ndi adokotala aja akuvula magalasi. Anawameza mawuwo. Anangoti, "Tiyeni tidikire kaye masiku awiri, mwina ndi malungo," nabweza envulopu pansi pa matiresi. Atatuluka anakakhala kuseri kwa nyumba n'kulira mosatulutsa mawu, akudzitukwana yekha.

Abambo mfumu sanaitanidwe, ndipo mutu unaleka ndithu. Pofika mlungu wachiwiri a Venansio ankagona mpaka kuwala kulowe pawindo, nkonono wake womveka kwa aneba. Chilungulira chinatha. Manja anakhazikika, moti geti imene anawotcherera mphunzitsi wina wa ku Chilomoni inatuluka yowongoka mpaka iwo eni anaijambula pafoni n'kumaonetsa aliyense wodutsa. Petronela ankawayang'ana akudya mosangalala n'kumadziuza kuti wachita bwino. Si umboni uwu? Si zimene ankafuna adokotala izi?

Lachisanu a Venansio anabwera ndi kajumbo, nakaika pamiyendo pa Petronela. Munali chitenje chatsopano, chamaluwa obiriwira, cha nsalu yolemera ija imene akazi amaigwira pamsika n'kuisiya.

"Munandisamala, mayi a Linda. Ndinakukalipirani popanda chifukwa, inu osabweza ngakhale liwu limodzi. Akazi ena akanakhala atalongedza kalekale."

"Aa, abambo, munavutikiranji?"

"Kuvutika? Iyayi, valani Lamulungu, anthu aone."

Petronela anathokoza atagwada, maso ali pansi. Chitenjecho anachipinda n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo Lamulungu ananamizira kuti sichinasokedwe m'mphepete. M'kati mwa mlungu wotsatira anaima pamzere wa kulapa kutchalitchi, koma atatsala anthu awiri kuti alowe, anatuluka ngati wakumbukira ndiwo pamoto. Akanakati walakwa chiyani? Kupulumutsa mwamuna? Nanga n'chifukwa chiyani sankatha kuwayang'ana m'maso akamapereka chitini?

Chimene sichinathe ndi chilakolako. A Venansio ankadandaula kuti khofi watsopanoyu sakugwira. Anachoka pa masupuni awiri kupita pa anayi. Kenako sikisi, mpaka madzi m'kaketulo ankachita ngati phala. Chitini chinkatha masiku anayi okha, ndipo Petronela ankakazinga soya kawiri pamlungu, chitseko chili chitsekere.

Anaulula ndi Howard, kalipentala wa shedi yoyandikana ndi ya a Venansio, munthu wosalola chinthu kudutsa m'manja mwa mnzake iye osalawako. Kumapeto kwa mlungu wachitatu anapempha kapu, namwa, nalavulira mu utuchi. Mawu ake Petronela anadzawamva pambuyo pake: "Achimwene, akukuberani. Muli soya umu. Mayi anga ankatimwetsa zimenezi tikasowa masamba a tiyi."

Pa nthawi imeneyo Petronela anali pa okala ya mayi Evelina, akugula mchere ndi machesi. Evelina anali mayi wamasiye wochokera ku Manje. Nyumba yake inapita ndi matope a namondwe wa Freddy, ndipo anadzayambiranso kuno ndi kaokala ka malata akale, komwe ankagona kuseri kwake ndi adzukulu awiri. Pakauntala panali anthu angapo, poti linali Loweruka lakumapeto kwa mwezi. Kenako a Venansio anatulukira, chitini chili m'manja, magalasi owotcherera ali pamphumi.

"Mayi Evelina! Mawaya a pawindo awa anakuwotchererani ndani? Si ine, chifukwa chokumverani chisoni? Ndiye kuthokoza kwake n'kumeneku?" Anakhuthula ufa wakuda pakauntala. "Mukumatsegula mapaketi n'kumasakaniza soya! Mtundu watsopano, mtundu watsopano, chikhalirecho ndi ukathyali! Anthu inu muziona zimene mukugula pano. Lero ndi khofi, mawa mudzapeza mchenga mu shuga."

Evelina anayang'ana ufawo. Kenako anakweza maso nayang'ana Petronela. Milungu itatu yonseyi Petronela anali asanagule paketi ya khofi ngakhale imodzi pa okala imeneyi, ndipo onse awiri ankadziwa. Mapaketi anali pashelefu pompo, omata, atachita fumbi. Evelina ankangofunika kunena chiganizo chimodzi basi.

Sananene. Anatenga kansalu, nayamba kupukuta kauntala pang'onopang'ono. "Pepani, bambo a Linda," anatero motsitsa mawu.

Petronela nayenso sananene. Anaima pompo, mchere uli m'manja, nkhope ikutentha, akuwerenga zolemba za pa bokosi la machesi ngati ndi kalata yofunika. Mayi wina amene anali atanyamula shuga anamubweza pakauntala mwakachetechete n'kumapita. Wina anamutsatira.

Madzulo ake a Venansio anakwera minibasi kupita m'tauni, nakagula okha paketi m'sitolo yaikulu, n'kukaitsekera kushedi. Lamulungu pochokera ku Misa anali osangalala ngati munthu amene wagwira mbava ndi manja ake.

"Mawa ndikayesa. Muyezo womwewo, masupuni sikisi. Ndikaone ngati vuto linali khofi kapena thupi langali."

"Sikisi achuluka, abambo. Bwanji mukathire awiri ngati kale?"

"Iyayi. Ine ndikamayerekeza zitsulo ziwiri sindisintha tepi. Komanso milungu yonseyi ndakhala ndikumwa sikisi. Tinene kuti mayi aja ankasakaniza theka, ndiye kuti thupi lazolowera atatu kapena anayi. Sikisi angandichite chiyani?"

Panalibe theka. Munalibe ngakhale kambewu kamodzi ka khofi m'thupi mwawo milungu itatu yonseyo, ndipo padziko lonse amene ankadziwa zimenezi anali mmodzi, akuyenda pambali pawo atanyamula buku la nyimbo. Anati anena akafika kunyumba. Atafika kunyumba anati anena akadya. Atadya kunabwera alendo a ku limana, ndipo kunena zoona, iye anasangalala kuwaona. Lolemba m'mawa anawaperekeza amuna ake ndi maso mpaka pakona, nalumbira mumtima kuti masana akakapereka chakudya akagwada n'kunena zonse. Anaiwala, kapena anafuna kuiwala, kuti kapu yoyamba a Venansio amamwa asanakhudze chitsulo.

Foni inalira cha m'ma teni koloko, iye akusankha nyemba. Anali Howard, mawu akudukaduka.

"Alamu, bwerani kuchipatala chachikulu. Achimwene agwa. Tawanyamula pa pikapu ya matabwa."

Minibasi ya tsiku limenelo inaima pasiteji iliyonse, kondakitala akukuwira anthu amene anali asanatuluke n'komwe m'nyumba zawo. Petronela anayesa kunena Tikuoneni Mariya, koma ankafika pakati n'kuyambiranso. Anawapeza amuna ake pabedi, shati itatsegulidwa, timawaya titamatidwa pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Milomo inali itatuwa. Dzanja limene analigwira linkanjenjemera mpaka chitsulo cha bedi kumalira, ndipo kamakina ka pambali kankalira mothamanga osapumira.

Adokotala a tsiku limenelo anali mayi wachichepere wa mawu ofatsa. Ankafunsa akulemba.

"Mwati mwamwa makapu angati, bambo?"

"Atatu, motsatizana. Anali wokoma, adokotala. Masupuni sikisi pa kapu."

"Musanadye kanthu?"

"Ee."

"Mumamwa chonchi masiku onse?"

"Milungu yonseyi. Uja anali wosakaniza pang'ono, koma anali khofi ndithu. Sanandichite kanthu."

Adokotala anasiya kulemba. "Ngati thupi linazolowera mlingo umenewu, ndiye mwina pali china chimene chavuta mumtimamu. Mukumwa mankhwala ena? Azitsamba? Pali chimene mwasintha pa zakudya?" Anatembenukira kwa Petronela. "Mayi, inu mumakhala nawo, ndithandizeni. Ndisanawapatse mankhwala ndiyenera kudziwa zenizeni."

Howard anali pakhomo, chipewa chili m'manja. Pabedi loyandikana nalo odikirira matenda anali atasiya kucheza, makutu ali tcheru, monga zimakhalira kuchipatala. Petronela ankafuna kudzanena ali awiriwiri, atagwada, m'nyumba mwake. Mwayi umenewo anali atautaya yekha dzulo lake.

"Munalibe khofi m'chitini muja," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Munalibe khofi ngakhale pang'ono. Anali soya yekhayekha. Ndinkakazinga ndine, milungu itatu yonseyi. Mayi Evelina alibe mlandu."

Adokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofotokoza, uku akulemba mofulumira, kuti m'khofi muli chinthu chotchedwa kafini chimene chimakwapula mtima kuti uthamange. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku thupi limazolowera, ndipo ukalichotsera mwadzidzidzi limabwezera ndi mutu, nseru ndi ukali. Koma likakhala milungu osalawa limaiwala, moti mlingo waukulu ukabwera kamodzin'kamodzi umatha kumugwetsa munthu, makamaka wa BP. "Cholinga chanu sichinali choipa, mayi. Koma mwini thupi amayenera kudziwa chimene chikulowa ndi chimene chasiya kulowa." Anaitana namwino, nayamba kukonza mankhwala.

Patapita maola awiri kamakina kaja kanayamba kulira mwaulemu. Howard anali atapita kukatseka mashedi. A Venansio anali chigonere, maso ali kudenga.

"Ndiye mayi Evelina aja ndinawatukwana pamaso pa anthu, inu muli pompo?"

"Ndinali pompo."

"Nanga mutu uja? Tsiku lija ndinkakuonetsani mapepala a puloti?"

"Ndinkaopa kuti mufa, abambo. Adokotala aja atanena za mtima, ine mtendere unandithawa. Ndinalakwa, ndikudziwa. Koma ndinkaopa."

"Inenso ndinkaopa," anatero a Venansio. "Masiku asanu ndinkatsanzika zinthu m'nyumba muja chimodzichimodzi. Ndinkaganiza kuti mdzukulu wanga sindimuona. Inu mukundiika nsalu pamphumi, mukudziwa." Anatembenukira kukhoma mosamala kuti timawaya tisachoke.

Anawagoneka masiku atatu. Tsiku lachiwiri, pochokera kukasiya phala, Petronela anatsikira pa okala. Panalibe munthu wogula. Buledi wa dzana anali akadali m'kabokosi. Anagwada pafumbi pompo, panja, anthu akudutsa.

"Dzukani, mayi a Linda, mudetsa chitenje."

"Bwanji simunanene, amayi? Mukanangonena kuti ine sindinagule."

Evelina anausa moyo. "Ndikananena, banja lanu likanathera pakauntala panga pano, anthu akuonerera. Mawa lake Chirimba yense akanati mumawathirira amuna anu mankhwala. Ine ndinati mayiyu ali ndi chifukwa chake, akanena yekha akafika kunyumba." Anasuntha timabotolo ta mafuta ophikira timene sitinafunike kusunthidwa. "Ndinadikira Loweruka lija. Ndinadikira Lamulungu lonse."

Madzulo amenewo Petronela anayenda nyumba ndi nyumba, kwa mayi wobweza shuga uja ndi kwa ena amene anawakumbukira nkhope, akunena yekha chimene anachita. Ena anamumvera chisoni, ena anaseka mpaka kugwira nthiti, ena anatsinzinirana maso kusonyeza kuti za soya n'zongonenera chabe. Anazilandira zonse, poti zinali zake.

A Venansio atatulutsidwa sanayambire kunyumba. Anatsika minibasi, nayenda pang'onopang'ono mpaka pa okala, navula chipewa, napepesa mokweza mawu monga momwe anatukwanira. Za khofi adokotala anali atagamula kale: popeza thupi lasiya, asabwererenso. Nthawi ino sanaseke, anangovomera. Kaketulo ndi paketi yotsala ija anauza Howard kuti atenge.

Kunyumba sanakalipe. Sanatchule soya, sanatchule ankhoswe, sanatchule za kumudzi. Petronela akanakonda akanakalipa mpaka malata agwedezeke, kuti naye alire, zithe. Koma iwo ankayankha akafunsidwa, ankathokoza akapatsidwa madzi osamba, basi.

M'mawa mwake anakhala pakhonde atavala jekete, manja ali pamawondo, osadziwa chochita nawo pa ola limene kwa zaka zonsezi ankagwira kapu. Petronela anathyola masamba a mandimu kuseri, nawawiritsa, nathira shuga supuni imodzi. Anabwera nayo kapu pambale, nagwada.

A Venansio anaiyang'ana kapuyo. Sanatambasule dzanja.

"Muli chiyani umu?"

Sanafunse mwaukali ayi. Anafunsa mwaulemu, mmene munthu amafunsira pakhomo pa eni ake.

"Masamba a mandimu, abambo. Madzi, ndi shuga supuni imodzi. Basi."

Anagwedeza mutu, koma manja anakhalabe pamawondo. Nthunzi inkakwera pakati pawo. Petronela anadikira, nadikirabe, kenako anamvetsa. Kwawo kwa a Venansio ku Nsanje ukapatsa chakumwa mlendo amene sakukudziwa, umayamba walawa iwe mwini kuti aone kuti mulibe kanthu. Ananyamula kapu ndi manja awiri, pang'onopang'ono, akuyembekezera kumva mawu oti, "Aa, siyani zimenezo mayi a Linda, mwayamba liti?" Kapu inafika pamilomo. Mawuwo sanabwere.

Anamwa. Madziwo anamuwotcha lilime. A Venansio anamuyang'ana pakhosi mpaka atameza, kenako anatambasula dzanja n'kulandira kapu.

"Zikomo," anatero.